Mmene mungasankhire dzina la domeni loti anthu azikupezani mosavuta pa Google

Anthu ambiri amene akutsegula webusaiti ya bizinesi, sukulu, mpingo kapena bungwe amasankha mothamanga dzina la domeni (adilesi imene anthu amalemba kuti afike pa webusaitiyo), pa tsiku limene wokonza webusaitiyo wawafunsa kuti alembe dzina lanji, ndipo pakapita miyezi ingapo amadabwa kuona kuti makasitomala akalemba dzina la bizinesiyo pa Google akufika pa tsamba la anthu ena. Enanso amamva kuti chinsinsi chake ndi kudzaza mawu onse a malonda awo m'dzinamo, mapeto ake amakhala ndi adilesi yaitali imene ngakhale iwo eni sangaitchule pa foni osaphonya chilembo. Dzina la domeni palokha silikweza webusaiti pamwamba pa zotsatira za Google kapena Bing, chifukwa zimene zimakweza ndi zolembedwa zothandiza ndi malinki ochokera kwa ena amene akukukhulupirirani. Ntchito ya dzina ndi kuthandiza kuti munthu alimve kamodzi, alikumbukire, alilembe molondola, ndipo akaliona pa zotsatira adziwe kuti ndi inu n'kudina. Malangizo awa akutsata cholinga chimenecho.

Zimene muyenera kukhala nazo musanayambe

Pepala ndi cholembera, kapena malo olembapo pa foni, pomwe musungepo mayina onse amene mukuwaganizira.

Foni kapena kompyuta yokhala ndi intaneti yokwanira kutsegula masamba angapo.

Imelo yanuyanu, imene mumaitsegula kawirikawiri ndipo simukuganiza zoisiya, osati ya wantchito kapena ya wokonza webusaiti.

Njira yolipirira. Makampani akunja amafuna khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kugula pa intaneti, pamene kampani ya m'dziko muno mukhoza kuifunsa ngati imalandira Airtel Money, Mpamba kapena kulipira kudzera ku banki.

Anthu atatu kapena anayi ofanana ndi makasitomala anu, amene sanalimvepo dzinalo ndipo angakuuzeni zoona.

1. Dziwani amene mukufuna kuti akupezeni, ndi mawu amene iwo amalemba

Musanaganize za dzina lililonse, lembani m'chiganizo chimodzi amene mukumufuna ndi kumene ali: kholo la ku Mzuzu lofuna sukulu ya mwana, mlimi wa ku Dedza wofuna mbewu, kapena mlendo wa ku London wofuna malo ogona ku Mangochi. Kenako tsegulani Google, yambani kulemba ntchito yanu m'bokosi lofufuzira, muone mawu amene Google ikumalizitsa yokha, chifukwa mawuwo amachokera pa zimene anthu amalemba kawirikawiri. Yesani m'Chichewa, m'Chingerezi, ndiponso mosakaniza, popeza anthu ambiri kwathu kuno amalankhula Chichewa koma akafika pa Google amalemba Chingerezi ndi dzina la tauni.

Chenjezo: mawu amene mwapezawo ntchito yake yaikulu ndi ya mitu ya masamba ndi zolembedwa za m'kati mwa webusaiti. Si onse oyenera kulowa m'dzina la domeni.

2. Lembani mayina angapo, poyambira pa dzina limene anthu amakudziwani nalo

Ngati bizinesi yanu ili kale ndi dzina limene lili pa chikwangwani, pa malisiti ndi pakamwa pa makasitomala, dzina limenelo ndilo loyamba pa mndandanda, chifukwa munthu amene wamva za inu kwa mnzake adzalemba dzina lomwelo pa Google. Mukhoza kuwonjezera liwu limodzi lofotokoza ntchito yanu ngati dzinalo palokha silinena kanthu kapena ngati ena analitenga kale, mwachitsanzo liwu loti lodge, farm, school kapena makeke. Liwu limodzi ndi lokwanira.

Apa ndi pamene ambiri amasochera. Kale mawebusaiti okhala ndi dzina lofanana ndendende ndi mawu amene anthu amafufuza ankakwera mosavuta ngakhale alibe kanthu m'kati, koma mu September 2012 Google inasintha kasankhidwe kake kuti mawebusaiti opanda phindu asamakwere chifukwa cha dzina lokha. Choncho dzina longa makeke-otsika-mtengo-lilongwe-area25 silikupatsani mwayi umene mukuuganizira, ndipo limakuwonongerani zinthu ziwiri. Choyamba, limaoneka ngati la anthu achinyengo, moti munthu amazengereza kudina. Chachiwiri, limakumangani pamalo amodzi: tsiku limene mudzatsegule nthambi ku Blantyre kapena kuyamba kuphikira maukwati, dzinalo lidzakhala likunena zabodza. Ine ndimalangiza kuti dzina la tauni lilowe m'domeni pokhapokha ngati ntchito yanu singasamuke, monga malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja.

Malamulo a kalembedwe ndi ochepa. Dzina limalandira zilembo, manambala ndi kamzere kapakati kokha, silingayambe kapena kutha ndi kamzereko, sililola mpata pakati pa mawu, ndipo silingapitirire zilembo 63. Malire amenewa ndi akutali kwambiri, ndipo dzina labwino limakhala la mawu awiri kapena atatu afupiafupi.

3. Yesani dzinalo ndi khutu komanso ndi chala

Sitepe iyi ndi imene ndimaiona kuti ndi yofunika koposa kwa ife olankhula Chichewa, ndipo ndi imene anthu amaidumpha. Imbirani foni mmodzi mwa anthu anu aja, mutchulireni dzinalo kamodzi kokha osalipereka chilembo ndi chilembo, ndipo mumupemphe kuti akulembereni pa WhatsApp zimene wamva. Chitani chimodzimodzi ndi enawo. Ngati awiri mwa iwo alemba mosiyana ndi inu, dzinalo lili ndi vuto, ndipo makasitomala enieni adzalakwitsa chimodzimodzi.

Pali malo odziwika amene kalembedwe kathu kamapunthwitsa. Chizindikiro chimene timaika pa ng' sichiloledwa m'domeni, choncho liwu longa ng'ombe kapena pang'ono liyenera kulembedwa popanda icho, ndipo wolemba pa foni adzaima n'kumadzifunsa ngati achiike kapena ayi. Chilembo cha ŵ chikhoza kulembetsedwa m'madomeni ena, koma makompyuta amachisandutsa adilesi yachilendo yoyamba ndi xn--, ndipo mafoni ambiri sachionetsa msanga pa kiyibodi, motero ndi bwino kugwiritsa ntchito w wamba. Zilembo l ndi r anthu amazisinthanitsa tsiku ndi tsiku, moti wina alemba chifuniro, wina chifunilo, wina mbiri, wina mbili. Chilembo h chimagwanso mosavuta m'mawu onga mphatso ndi nkhuku. Ngati mukufuna makasitomala a ku Chipata ndi Lusaka, kumbukirani kuti ambiri kumeneko amalemba nchito pamene ife timalemba ntchito. Sindikunena kuti mupewe dzina la Chichewa. Dzina la Chichewa losavuta limakumbukika bwino ndipo kawirikawiri limapezeka lisanatengedwe, kusiyana ndi mawu a Chingerezi amene dziko lonse likulimbirana. Ndikunena kuti musankhe liwu limene lili ndi kalembedwe kamodzi kokha m'maganizo mwa anthu.

Manambala ndi timizere tapakati n'zovutanso pa chifukwa chomwecho. Munthu akamva kuti "two" sadziwa ngati alembe 2 kapena mawu, ndipo kamzere anthu amakaiwala n'kukafika pa webusaiti ya munthu wina amene ali ndi dzina lomwelo lopanda kamzere.

Pomaliza lembani dzinalo m'zilembo zazing'ono zokhazokha, mawu onse atalumikizana, muliwerenge mofatsa m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Domeni sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo mawu awiri aulemu akagundana nthawi zina amabala liwu lachitatu lochititsa manyazi, kapena zilembo zofanana zitatu zotsatizana zimene aliyense adzaziphonya.

4. Sankhani mathero oyenera

Mathero ndi kachigawo kobwera pambuyo pa kadontho, monga .com, .org kapena .mw. Mathero a dziko, monga .mw ya Malawi, .zm ya Zambia, .mz ya Mozambique, .za ya South Africa ndi .uk ya Britain, amauza Google komanso owerenga kuti webusaitiyo inakonzedwera anthu a dziko limenelo. Ngati makasitomala anu onse ali m'Malawi muno, .mw kapena .co.mw ndi chisankho chabwino, ndipo nthawi zambiri dzina limene latengedwa kale pa .com mumalipeza lili pabwalo pa .mw. Mathero ena ali ndi eni ake, monga .gov.mw ya boma ndi .ac.mw ya masukulu a ukachenjede ndi makoleji, choncho musawawerengere ngati simuli m'gulu limenelo. Ngati mukugulitsa khofi, tiyi kapena zosemasema kunja, kapena mukufuna alendo ochokera m'mayiko ambiri, .com ndi imene sikumangirirani ku dziko limodzi. Mmalawi amene ali ndi saluni ku Johannesburg ndipo makasitomala ake ali komweko apindula kwambiri ndi .co.za kusiyana ndi .mw, ngakhale mtima wake uli kumudzi.

Mathero atsopano monga .shop, .africa kapena .online Google imawaona mofanana ndi .com, ndipo inanena poyera mu 2015 kuti liwu lokhala m'matheromo silipereka mwayi uliwonse pa kasanjidwe ka zotsatira. Vuto lawo lili kwa anthu, chifukwa ambiri akamva adilesi amangomalizitsa ndi .com mwachizolowezi. Palinso mathero a mayiko amene Google imawatenga ngati a dziko lonse lapansi, monga .co ya Colombia, .tv ya Tuvalu ndi .me ya Montenegro.

Chenjezo: funsani mtengo wa chaka chachiwiri musanalipire chaka choyamba. Makampani ambiri amatsitsa mtengo woyamba n'kudzakweza polembetsanso, ndipo ngati mtengowo uli m'madola, kwacha ikagwa monga inachitira mu November 2023 pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndalama yanu ya pachaka imakwera nthawi yomweyo.

5. Onani ngati dzinalo lili kale ndi mwini wake

Kupezeka kwa domeni pa tsamba la kampani yogulitsa sikutanthauza kuti muli ndi ufulu wogwiritsa ntchito dzinalo. Lembani dzinalo pa Google, pa Facebook, pa Instagram ndi pa TikTok, muone ngati pali bizinesi ina imene ikudziwika nalo kale, makamaka ya ntchito yofanana ndi yanu. Ngati ilipo ndipo ndi yaikulu, ndiye kuti tsamba loyamba la zotsatira ndi lake, ndipo mudzatha zaka mukulimbana kuti muoneke pa dzina lanu lomwe. Funsaninso ku ofesi ya boma yolembetsa mayina a bizinesi ndi zizindikiro za malonda, ndipo ngati mukugulitsa kunja onani pa Global Brand Database, kaundula wa zizindikiro za malonda wa bungwe la padziko lonse la WIPO, amene ndi waulere.

Musaike dzina la kampani yotchuka m'domeni yanu, ngakhale mutakhala kuti mumagulitsa kapena kukonza katundu wake. Pa madomeni onga .com pali ndondomeko yotchedwa UDRP, imene bungwe la ICANN, loyang'anira madomeni, linakhazikitsa mu 1999, ndipo mwini chizindikiro cha malonda akhoza kudandaula n'kulanda domeniyo popanda kupita ku khoti, ntchito yanu yonse yokweza webusaitiyo n'kupita nayo.

6. Fufuzani mbiri ya domeniyo

Domeni imene ikuoneka yatsopano kwa inu ikhoza kukhala kuti inali ya munthu wina zaka zapitazo, ndipo ngati ankaigwiritsa ntchito pa juga, zolaula, mankhwala achinyengo kapena kutumiza maimelo osokoneza, mbiri yoipayo imatsala ngati ngongole ya madzi pa nyumba ya lendi imene mwangolowamo. Pitani pa web.archive.org, lembani domeniyo, ndipo muone zithunzi za mmene inkaonekera m'zaka zosiyanasiyana. Kenako lembani pa Google mawu oti site: motsatizana ndi domeniyo popanda mpata, kuti muone ngati pali masamba akale amene akadali m'kaundula wa Google. Tsamba la lookup.icann.org limaonetsa tsiku limene domeni ya .com kapena .org inalembetsedwa ndi kampani imene ikuisunga, ndipo pa Transparency Report ya Google pali malo oonera ngati adilesi inaikidwa m'gulu la masamba oopsa.

Mukapeza zokayikitsa, siyani dzinalo mutenge lotsatira pa mndandanda wanu. Musakopekenso ndi anthu ogulitsa madomeni akale ponena kuti ali kale ndi mphamvu pa Google, chifukwa kuyambira mu March 2024 malamulo a Google amatchula mwachindunji kuti kugula domeni yotha nthawi n'cholinga chokwezera zolembedwa zopanda phindu ndi chinyengo chimene amalanga.

7. Lembetsani domeniyo m'dzina lanu

Tsegulani akaunti ku kampani yolembetsa madomeni pogwiritsa ntchito imelo yanu, ndipo pa malo a mwini domeni lembani dzina lanu kapena la bizinesi yanu. Ngati wokonza webusaiti ndi amene akulembetsa m'malo mwanu, khalani naye pamodzi pamene akudzaza fomuyo, muonetsetse kuti imelo ndi nambala ya foni ndi zanu, ndipo musinthe pasiwedi ntchito ikatha. Zimachitika kawirikawiri kuti wokonza webusaiti amalembetsa domeni m'dzina lake, mwina popanda cholinga choipa, kenako n'kusamuka, kusintha nambala kapena kusemphana mawu ndi mwini bizinesi, ndipo mwini bizinesiyo amapezeka kuti alibe umboni uliwonse woti adilesi imene yalembedwa pa galimoto yake ndi yake. Kwa bungwe kapena mpingo, gwiritsani ntchito imelo imene anthu awiri audindo akhoza kuitsegula.

Yatsani chitetezo cholowera ndi masitepe awiri, yatsani loko woletsa kusamutsa domeni, ndipo lolani kuti kulembetsanso kuzichitika pakokha chaka chilichonse. Ngati thumba likulola, lipirani zaka ziwiri kapena zitatu, popeza madomeni a .com amalola mpaka zaka 10. Kulipira zaka zambiri sikukweza webusaiti pa Google, koma kumakutetezani ku ngozi yoiwala. Pa madomeni onga .com kampani imayenera kukukumbutsani kutatsala pafupifupi mwezi umodzi ndiponso sabata imodzi, koma uthengawo umapita ku imelo imene inalembedwa pa akaunti, n'chifukwa chake imeloyo iyenera kukhala yamoyo.

Chenjezo: imelo ya akauntiyi isakhale ya pa domeni yomweyo imene mukulembetsa. Domeniyo ikatha nthawi imelo nayo imazima, ndipo mauthenga okuchenjezani ndi osinthira pasiwedi sakufikani.

8. Onetsani Google adilesi imodzi yokha

Webusaiti ikayamba kugwira ntchito, uzani wokonzayo kuti aike satifiketi ya chitetezo kuti adilesi iziyamba ndi https. Google inalengeza mu 2014 kuti https imawerengedwa pa kasanjidwe ka zotsatira, ngakhale pang'ono, ndipo kuyambira mu July 2018 Chrome, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, imalemba kuti "Not secure" (siyotetezeka) pa masamba opanda chitetezochi, zimene zimathawitsa makasitomala. Satifiketi yaulere imapezeka kudzera ku Let's Encrypt, ndipo makampani ambiri a hosting (osunga mawebusaiti) amaiika okha.

Sankhani ngati adilesi yanu iziyamba ndi www kapena ayi; zonse ndi zofanana kwa Google, bola ina izilozera ku inzake kudzera mu redirect ya 301, njira imene imatumiza yokha mlendo ku adilesi inayo n'kuuza Google kuti tsambalo lasamukiratu. Yesani nokha polemba adilesiyo m'njira zinayi, ndi www ndi popanda, ndi http ndi https, ndipo zonse zikafike pamalo amodzi. Ngati mwagula madomeni owonjezera kuti muteteze dzina, monga .mw pamodzi ndi .com, kapena kalembedwe ka l pamodzi ndi ka r, onsewo azingolozera ku domeni yaikulu, osati aliyense kukhala ndi kope lake la webusaiti. Mukatero lembetsani domeniyo pa Google Search Console ndi pa Bing Webmaster Tools, zimene ndi zida zaulere zoonera mmene webusaiti yanu ikuonekera pa zotsatira, tumizani sitemap (mndandanda wa masamba a webusaiti yanu), ndipo ikani adilesi yomweyo pa Google Business Profile (tsamba la bizinesi yanu pa Google), pa Facebook ndi pa WhatsApp Business, dzina la bizinesi likulembedwa mofanana paliponse.

9. Ngati muli kale ndi domeni ndipo mukufuna kusintha

Sinthani pokhapokha ngati pali chifukwa chachikulu, monga mlandu wa dzina, mbiri yoipa kapena kusintha kwa dzina la bizinesi. Tsamba lililonse lakale lilozere ku tsamba lofanana nalo pa domeni yatsopano kudzera mu redirect ya 301, osati onse ku tsamba loyamba. Gwiritsani ntchito chida cha Change of Address mu Search Console, ndipo sungani maredirect amenewo kwa chaka chathunthu kapena kupitirira, monga Google imalangizira, kutanthauza kuti domeni yakale mupitiriza kuilipira. Yembekezerani kuti alendo achepa kwa masabata angapo pamene Google ikusamutsa kaundula wake, choncho musasamuke pa nyengo imene malonda anu amatentha, monga December kwa ogulitsa zovala kapena miyezi yoyandikira dzinja kwa ogulitsa mbewu ndi feteleza.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chofala ndi kufupikitsa dzina lalitali kukhala zilembo zoyambirira zokha. Mabungwe amakonda zimenezi, koma zilembo zinayi zimene inu mumazidziwa zikhoza kukhala za mabungwe ena makumi angapo padziko lapansi, ndipo Google idzaonetsa otchuka kwambiri. Chifupikitso chimagwira ntchito pokhapokha ngati anthu amakuitanani nacho kale.

Ena amamanga bizinesi yonse pa adilesi yaulere yothera ndi wordpress.com kapena blogspot.com. Poyesera ndi yabwino, koma adilesiyo ndi ya kampaniyo, ndipo malinki onse amene anthu akupatsani amakhala pa malo amene simungawatenge mosavuta posamuka.

Palinso amene amaika chaka m'dzina, monga 2025, ndipo dzinalo limakalamba pa 1 January wotsatira. Ena amalengeza dzina pa Facebook kapena kusindikiza makadi ndi matisheti asanalembetse domeni, n'kudzapeza kuti wina wawadyera kale; lembetsani kaye, kulengeza kubwere pambuyo.

Chenjerani ndi maimelo onena kuti domeni yanu ikutha lero, kapena oti mulipire kuti ilembetsedwe pa Google. Kulembetsa pa Google n'kwaulere, ndipo nkhani ya kutha kwa domeni muziiona polowa nokha mu akaunti yanu, osadina linki ya mu imelo.

Cholakwika chopweteka kwambiri ndi kulola domeni kutha nthawi chifukwa khadi la ku banki linatha ntchito kapena linakana kulipira m'madola. Webusaiti ndi maimelo zimazima, masamba amayamba kuchoka pa Google, ndipo ngakhale pa .com pali masiku 30 oti muiombole itafufutidwa, mtengo woombolera umaposa kwambiri wa pachaka. Madomeni a mayiko ali ndi malamulo awoawo, choncho funsani kampani yanu za .mw kapena .zm pa tsiku lolembetsa. Lembani tsiku lothera pa kalendala ya foni, ikani chikumbutso cha miyezi iwiri lisanafike, ndipo nthawi iliyonse imene banki yakupatsani khadi latsopano lowani mu akauntiyo musinthe nambala yake.